Wokonza Masikelo ku Mbare

Ambuye, kwacha ku Mbare.
Malole a tomato atsitsa kale,
makondakitala asasa mawu dzuwa lisanatuluke,
ndipo ine Yotamu, mwana wa Zikomankhani,
ndatsegula bokosi langa la zitsulo
patsinde pa mpanda wa msika,
pomwe ndakalambira ndikukonza masikelo a eni.

Bambo anga anafika kuno wapansi kuchokera ku Ntcheu,
Harare akadali ndi dzina lina.
Anandisiyira miyala isanu yamkuwa, sipanala,
ndi Baibulo lothothoka chikuto.
Ankati kilo ikhale kilo,
kaya wogula ndi bwana, kaya ndi kamwana kotumidwa.

Dzulo kunabwera mai Elufe ogulitsa nyemba,
omwe aja otsogolera nyimbo Lamulungu.
Anawerama, nanong'ona:
Akulu, mungoipinda pang'ono sipuling'iyi,
magalamu zana okha, angaone ndani?
Lendi yakwera. Ana abwezedwa kusukulu.

Sindinawakalipire.
Ndinangoyang'ana manja angawa,
pakuti chaka chija ndalama zinasanduka masamba,
chikwama chodzaza osagula ndi buledi yemwe,
manja omwewa anapinda masikelo khumi ndi awiri.
Onse ndikuwakumbukira.
Inunso.

Mzinda uno sunadwale tsiku limodzi.
Chiswe sichiimba ng'oma chikamalowa m'nyumba.
Kandalama kopindidwa m'laisensi pamsewu,
mlaliki wogulitsa madalitso m'timabotolo,
mankhwala a kuchipatala opezeka pabenchi,
mwamuna wovula mphete akakwera kombi.
Madzi onunkha ayenderera pakati pa nyumba
ndipo tonse taphunzira kulumpha,
osadetsa nsapato, osafunsa komwe achokera.

Nanga Takudzwa wa ku Matapi,
yemwe ndinaimirira pa ubatizo wake?
Wakhala pamasitepe maso ali tong'o,
akukoka utsi wa m'babu.
Anagulitsa ketulo ya amake, kenako nsapato,
dzana anandifunsa mtengo wa miyala yangayi.
Sanandizindikire.

Aliyense amangochotsa magalamu zana okha.
Uyu zana, uyo zana, ine zana,
mpaka mawu a munthu apepuka ngati mankhusu,
lumbiro likuuluka ndi kamphepo ka Ogasiti.

Sindine mneneri, Ambuye.
Lilime langa ndi lolemera, mawondo atha.
Sindingathe kuima pamphambano ndi chimkuzamawu.
Kale ndinkadandaula kuti munandipatsa zochepa:
kampando, dzimbiri, mafuta akuda m'zikhadabo.
Koma ngati munandiumbira ichi chokha,
kuti muvi wa sikelo uime pomwe uyenera kuima,
kuti mayi wa ku Epworth akafika kwawo
apeze nyemba zokwanira ana onse asanu,
ndiye ndisanyoze.
Nali guwa langa, pakati pa makoko a nthochi.

Sikelo ya mai Elufe ndinaikonza yolungama.
Ndalama sindinalandire.
Ananyamuka osatsanzika,
ndipo ndinawaona akuwolokera kwa mnyamata uja wa tsidya
amene safunsa mafunso.
Lamulungu adzayambitsa nyimbo,
ine ndidzavomera ndi besi yanga yosweka,
ndipo sindidziwa kuti mudzamva mawu a yani.

Ndigwireni dzanja njala ikabweranso,
pakuti ndikudzidziwa.
Mundipatse miyendo yokwerera masitepe a ku Matapi,
ndikakhale pambali pa mwana uja,
ndimutchule dzina lake mpaka atembenuke.

Ndipo tsiku lija mukadzandiika pa sikelo yanu,
ine wa masikelo khumi ndi awiri,
ndikudziwa, ndidzaperewera.
Pamenepo pokha, Mwini miyeso,
ndikupempha chomwe ndinakaniza mai Elufe:
dzanja lija loboola ndi msomali
lidzatsamire pang'ono mbali yanga.

Uyo akubwera wina, sikelo ili kukhwapa.
Ndipukute manja.